Manja Ogwira Mitembo

Mphekesera imeneyi mwina yakupezani kale, poti yazungulira Kaomba yense. Pamjigo akunong'onezana, kuchigayo akunong'onezana, ngakhale kukwaya amayi ena akuimba ndi mbali imodzi ya kamwa, mbali inayo ikudya achemwali anga. Akuti Consolata, mwana wa a Moffat matenanti aja, wabwerako kusukulu ya udokotala ku Blantyre teremu ili pakati chifukwa ali ndi pathupi. Ena akuti ayi, wazungulira mutu, mizimu ya mitembo imene amaidula kumeneko yamutsatira. Mayi wina wa zitumbuwa anachita kuloza kumwamba polumbira kuti anamuona akusamba m'manja kasanu dzuwa lisanafike paliwombo.

Ine ndine Feggie, mng'ono wawo wa a Consolata. Ndili Sitandade 7, kachiwiri, ndipo musaseke. Pa esiteti ya fodya ya a Mphepo, pamene makolo athu amalima, anthu amanditcha Wailesi, ati nkhani ikalowa m'khutu mwanga siigona. Sindikana. Koma iyi yokha yandiima pakhosi ngati fupa.

Kuti mumvetse bwino, achemwali ali pachibwenzi ndi a Grey, mwana wa Mayi Mphepo, mwini esiteti. A Grey ndi mphunzitsi wa masamu ku Lisasadzi, wamtali, wosakonda zolankhulalankhula. Chibwenzi chawo chinayambira m'chigafa kalekale, pamene a Grey ankabisa mabuku awo akale pansi pa masaka kuti mwana wa tenanti aziwerenga akamaliza kusoka fodya. Ndipo mawa, Loweruka, atsibweni awo a Grey amayenera kufika kwathu kudzafunsira mbeta.

Amayenera. Liwu limenelo mulisunge.

*

Achemwali anafika Lachisanu lapitalo ndi kachikwama kamodzi, atawonda, maso atalowa. Sanafune kucheza ndi munthu. M'mawa mwake anangokhala nane m'chigafa, kumasoka fodya ngati munthu amene sanapondeko kukoleji.

Ine ndinapirira. Ndinapirira ndithu, mwina mphindi khumi.

"Achemwali, anthu akuti muli ndi mimba."

"Iwe ukuti bwanji?"

"Ine ndikuti mimba ilipo, koma ya njala. Simukudya."

Anaseka pang'ono, kuseka kwawo koyamba chibwerere. Kenaka manja anaima.

"Kunali mayi wina, Feggie. Bedi la pawindo. Anandipatsa ine kuti ndizimuona tsiku lililonse, ndizilemba mmene wagonera, mmene akupumira. Ankanditchula kuti kadokotala kanga. Ndikafika m'mawa ndinkapeza wandisungira nthochi, ati ana asukulu sadya. Anali ndi chotupa m'bere. Anachibisa zaka ziwiri, kumangomanga nsalu mothina chifukwa cha manyazi. Pomwe ankabwera kuchipatala n'kuti matenda atafalikira."

"Ndiye anachira?"

"Anamwalira dzanja lake lili m'manja mwangamu. Aphunzitsi athu anati, Consolata, tiye ukaone mmene timawauzira achibale. Mwana wake wamkazi sanayang'ane adokotala aakuluwo. Anayang'ana ine, nati, koma dzulo munati akupezako bwino. Ndipo zoona ndinatero. Dzulo lakelo anadya, anaseka, ine n'kuganiza kuti wayamba kuchira."

Anapukuta m'maso ndi mkono, poti zala zinali ndi utomoni wa fodya.

"Mafupa onse a munthu ndikhoza kukutchulira mayina ake. Koma palibe buku limene linandiuza chochita ndi nthochi imene wakusungira munthu amene wamwalira. Ndinaipeza pakabati pake. Kusukulu anandipatsa masiku khumi kuti ndipume. Kaya ndibwererako, kaya ayi, sindikudziwa."

Wailesi inazima. Nkhani yotere ungapite nayo pamjigo? Anthu amafuna ya mimba, ya misala. Ya nthochi sangaimve kukoma.

*

Lamulungu titaweruka kutchalitchi, a Grey anatitengera kwawo, ati mayi awo ayambe kuzolowera kuona mpongozi kukhitchini. Achemwali anaphika nkhuku ndi nkhwani wotendera, ine ndikuthandiza mbali ya kulawa.

Pakhonde tinapeza Liness atakhala kale, atatambalala ngati kwawo. Liness amagulitsa feteleza m'sitolo ina paboma, ndipo ngakhale mbuzi za pa esiteti zimadziwa kuti Mayi Mphepo amafuna a Grey akwatire iyeyo. Amabwera ndi shuga, amabwera ndi mafuta odzola, kumati "amayi, amayi" mokweza kuti tonse timve.

"Eee, adokotala afika," anatero Liness. "Lero mwadula nkhuku? Bolanitu, kusiyana ndi zomwe mumadula masiku onse."

"Mwaswera bwanji, Liness?" achemwali anangotero.

Mbale zitafika patebulo, Mayi Mphepo anavundukula, nanunkhiza, n'kufunsa osayang'ana munthu.

"Mchere wathira ndani?"

"Ndine, amayi."

Anavundikira mbale ija, n'kuikankha ndi chala chimodzi.

"Kuno kwathu adzukulu akaika maliro salowa m'nyumba asanasambe mankhwala. Amenewo agwira tsiku limodzi lokha. Nanga inu amene mumakhala ndi mitembo chaka chathunthu, anakusambitsani ndani? Ndidye mchere wa m'manja amenewo, ndidwale mdulo?"

"Amayi!" anatero a Grey.

"Usandiitane. Bambo ako ndinawaika, sindikufuna kuwatsatira msanga."

Pompo Liness anapisa m'jumbo mwake. "Musakhale ndi njala, amayi. Ndabwera ndi masikono."

Achemwali anaimirira, anapinda maondo mwaulemu, n'kutuluka. A Grey anatipeza pamalire a munda. Ine ndinawapatsa mpata, ndinatsalira m'mbuyo mapazi asanu athunthu.

"Conso, usazitengere pamtima. Mayi anasintha chimwalirire bambo."

"Sananame, Grey. Manja anga agwiradi mitembo. Womwalira amene tinaphunzirirapo chaka choyamba tinakhala naye miyezi yambiri, ndipo tsiku lomaliza tinamuimbira nyimbo n'kumupempherera. Sindichita naye manyazi. Anandiphunzitsa kuposa aphunzitsi ena amoyo."

"Ine manja amenewo ndi amene ndikuwafuna."

"Ngakhale mayi ako asadzadye zophika ine moyo wawo wonse?"

"Ndizidzadya mbale ziwiri. Sukundiona kuwonda kwake?"

Achemwali anawamenya pamkono ndi mpango, koma akumwetulira.

"Loweruka atsibweni akubwera," anatero a Grey, "kaya kugwe matalala."

*

Lolemba masana anthu atapita kukadya, ine ndinali m'chigafa ndikulongosola masaka. Chabwino, ndinene zoona: ndinagona kuseri kwa mulu wa masaka pothawa kukatunga madzi. Achemwali anali chapakati, akusoka, osadziwa kuti ndilimo.

Ndinamva mapazi. Posuzumira, ndi Mayi Mphepo, okhaokha, opanda Liness kumbuyo. Anayang'ana uku, anayang'ana uko.

"Muli nokha?"

"Ndili ndekha, amayi."

Anaima nthawi yaitali akugwiragwira tsamba la fodya ngati akuliyesa kuuma.

"Akuti mwafika chaka chachinayi. Ndiye kuti mukudziwako zina."

"Pang'ono chabe. Sindinakhale dokotala."

"Kuchipatala kwadzaza anyamata. Ine sindingavulire mwana wamwamuna." Anamasula mabatani a bulauzi. "Tagwirani apa."

Achemwali anayang'ana manja awo. "Ndi manja omwewa, amayi?"

Mayi Mphepo anayang'ana pansi. "Omwewo. Ena ndiwatenga kuti?"

Achemwali anatenga sopo, natsuka m'manja ndi madzi a m'chigubu. Ndinaona ndi maso angawa sopo akuwapulumuka kawiri. Koma atangofika pa mayi aja, manja anakhazikika. Ngakhale mawu anasintha, anakhala odekha, ngati akulankhula munthu wina amene ine sindinakumane naye.

"Munachimva liti koyamba?"

"Nthawi yofesa nazale."

"Chikupweteka?"

"Ayi. N'chifukwa chake ndimati chitha chokha."

"Takwezani mkono. Pepani, manja anga azizira."

Anawapima mpaka m'khwapa. Kenaka achemwali anawabwezera bulauzi paphewa, n'kuwamangira okha mabatani, limodzilimodzi.

"Amayi, sindikunamizani ndipo sindikuopsezani. Chotupa chilipo, ndipo ndi cholimba. Kuti ndi chamtundu wanji, manja sangadziwe. Akuyenera kuchiunika, mwina kutapako kanyama kakang'ono kuti akayeze. Ndinali ndi mayi wina amene anadikira zaka ziwiri. Inu mwadikira miyezi isanu ndi umodzi. Musawonjezerepo ngakhale sabata."

Mayi Mphepo, amene akakalipa matenanti onse amabisala m'fodya, anakhala pansi padothi ngati mwana.

"Grey asamve," anatero. "Anadwazika bambo ake miyezi isanu ndi itatu, kuwanyamula, kuwasambitsa, mpaka mwana wanga anatsala mafupa okhaokha. Sindifuna ayambirenso kulira zinthu zisanadziwike. Mukangomuuza, ine kuchipatalako sindipondako. Ndikhala pakhomo panga ndi chotupa changa."

"Nkhani ya wodwala ndi ya wodwala, amayi. Mwa ine siituluka."

Potuluka anaima pakhomo pa chigafa.

"Za mchere zija..." Sanamalize. Anangokonza duku, n'kumapita.

Ine kuseri kwa masaka ndinali nditadzitsina mphuno, chifukwa fumbi la fodya linkafuna kundiyetsemulitsa.

*

Lachitatu anapita paboma payekhapayekha. Mayi Mphepo anatsogola, ati akukagula zingwe. Achemwali anakwera minibasi ya pambuyo. Zimene zinachitika kumeneko ndinazimva pambuyo pake. Achemwali anapeza dokotala wina dzina lake Ian, amene anali patsogolo pawo kukoleji, ndipo iye anapeza dokotala wamkazi woti awaone mayi aja. Anawalembera kalata yoti Lachiwiri akayezetse ku Lilongwe. Mayi Mphepo anatulukira khomo lakumbuyo kuti asaonedwe. Achemwali anatsala pakhonde la mbali ya amayi, ndipo mphamvu zonse zija zinawathera, anayamba kulira. A Ian anawagwira paphewa powatonthoza.

Tsoka sasimba. Liness anali pomwepo, kaya amakatani, foni ili m'manja.

Dzuwa lisanapendeke chithunzi chinali chitafika pamjigo, kuchigayo, ku Lisasadzi, paliponse. Consolata mbali ya amayi, misozi m'maso, dzanja la mwamuna paphewa. Pansi pake Liness analemba kuti, "Adokotala nawonso amayamba sikelo."

Madzulo foni ya achemwali inali pa sola, ndipo inkangowala yokha. Sindinaitsegule dala. Chala changa chinangoterereka, n'kugwera pa zimene analemberana ndi a Grey.

"Wapita kuchipatala osandiuza?" analemba a Grey.

"Inde."

"Ukudwala?"

"Ayi."

"Nanga umakatani mbali ya amayi? Ndipo wakugwira paphewayu ndani?"

"Ndi Ian, mnzanga wakusukulu. Zinazo sindingakuuze."

"Sungandiuze ine?"

"Ndikhulupirire, Grey."

Timizere tiwiri tosonyeza kuti uthenga wawerengedwa tinasanduka tabuluu, koma yankho silinabwere.

*

Dzulo a Grey anabwera okha panjinga, choko chidakali pamalaya. Anakumana ndi achemwali kuseri kwa chigafa. Ine ndinali ndikusesa. Malo amenewo sitisesako, koma dzulo anafunika kusesa.

"Za Liness sindizikhulupirira," anatero a Grey. "Ndikufuna ndimve kwa iwe."

"Ndilibe mimba. Ndilibe mwamuna wina."

"Ndiye wabwereranji teremu ili pakati? Sukudya. Sukucheza. Ukulira paphewa pa mwamuna wina, mbali ya amayi. Ine ndimaphunzitsa masamu, Conso. Ndikaphatikiza zonsezi yankho likubwera limodzi."

"Waphatikiza molakwa."

"Ndichongere."

Achemwali anawauza za mayi wa pawindo uja, ndi nthochi yomwe. A Grey anamvetsera atagwira chishalo cha njinga, nkhope itagwa.

"Pepa," anatero. "Bwanji sunandiuze?"

"Ndinkaopa kuti uona kuti dokotala wako ndi wamantha."

"Sindikanatero. Nanga za dzulo?"

"Za dzulo si zanga."

"Ndi za yani?"

Achemwali anayang'ana kumunda.

"Kodi moyo wathu udzakhala wotere?" a Grey anafunsa, osati mokalipa, koma mofooka. "Ine kumamva zinthu kumjigo, iwe n'kumati si zanga?"

"Nthawi zina, inde. Anthu azidzandivulira, azidzandiuza zimene sanauzepo ngakhale amuna awo. Ndizidzabwera nazo kunyumba, n'kukhala nawe patebulo, osanena. Ngati ukufuna mkazi wokuuza zonse, Grey, ndiye kuti sukufuna dokotala."

A Grey anaponda chopalasira, koma sananyamuke.

"Atsibweni achiona chithunzi chija. Akuti sangakagwade pakhomo pa anthu chifukwa cha mimba ya eni ake. Sabwera pokhapokha amve zoona."

"Nanga amayi ati bwanji?"

"Ndi zimene zikundidabwitsa. Ndimayesa avina. Liness atawaonetsa, anangolowa kuchipinda n'kutseka chitseko."

Ananyamuka osatsazika. Njinga ija ndinaiyang'ana mpaka inalowa m'fodya.

*

Tsache ndinalitaya.

"Achemwali, ine Lolemba ndinali kuseri kwa masaka."

Ndinkayesa andimenya. Anangotseka maso, n'kupuma mozama.

"Wauza ndani?"

"Palibe! Masiku atatu, achemwali. Ndatupa mimba. Ndiloleni ndikawauze alamu. Kamodzi kokha pakamwa pangapa pagwireko ntchito yabwino."

"Ukawauza, Grey athamangira kwa mayi ake akulira. Ndipo Lachiwiri mayi aja sakwera basi ya ku Lilongwe. Unawamva wekha."

"Koma anakunyozani pamaso pa Liness! Anakankha mbale yanu ndi chala!"

"Wodwala sitisankha, Feggie."

"Nanga bwanji osangonena okha? Akuona mukudyedwa ndi mudzi wonse, iwo atseka chitseko."

"Ali ndi mantha. Munthu wamantha saona wina, amangoona chotupa chake." Anandigwira chibwano kuti ndiwayang'ane. "Ukwati ungadikire. Ukalephereka ndilira, sindikunamiza, ndilira kwambiri. Koma chija ndinachigwira m'manja mwangamu sichidikira."

Titalowa m'nyumba anatulutsa kachikwama kaja, n'kuyamba kulongedza mabuku ndi chovala chawo choyera, chimene chibwerere sanafune ngakhale kuchiona.

"Ndiye mukubwerera kusukulu?"

"Lachiwiri ndiwaperekeza ku Lilongwe, kenaka ndipitirira ku Blantyre. Mayi wa pawindo uja anandipeza mochedwa. Awa andipeza nthawi idakalipo."

Anapinda chovala chija bwinobwino. Dontho limodzi linagwera pakolala, ndipo analipukuta msanga ndi chala chachikulu poganiza kuti sindinaone.

*

Lero pochokera kusukulu ndadutsa kwa a Mphepo. Liness anali pakhonde, atavala chitenje chatsopano, akusenda anyezi n'kumaimba. Chitseko cha Mayi Mphepo chinali chotsekabe.

Pokhota pamlatho ndapeza a Grey atatsamira njinga. Maso ofiira ngati munthu amene sanagone.

"Wailesi," anatero, akuyesa kumwetulira.

"Alamu."

"Ukunditchulabe choncho?" Anandiyang'anitsitsa. "Iwe sunandibisirepo kanthu chibadwire. Ndi iwe unandiuza kuti achemwali ako amandikonda iwo asananene. Ukudziwa kanthu, eti? Maso akowo akunena."

"Ndili ndi masamu ambiri, alamu."

"Masamu ndikuthandiza." Anatsitsa mawu. "Feggie, ine ndimawakonda achemwali ako. Ndikungofuna chinthu chimodzi choti ndikaimire pamaso pa atsibweni. Andiuza kuti ndiwaimbire dzuwa lisanalowe, abwere kapena asabwere. Akakana lero, sadzavomeranso. Ndikhala pompano. Ngati ukudziwa kanthu, ukundipeza."

Ndinathawa. Ine Feggie, amene ndimathamangira nkhani, lero ndathawa nkhani.

Panopa ndakhala kuseri kwa chigafa, kope la masamu lili pamwendo. M'katimo achemwali akusoka fodya mwakachetechete ndi manja awo aja. Mthunzi wa chigafa wafika kale pamalire a munda, ndipo kuchoka pano kukafika pamlatho ndi mphindi zisanu zokha ndikathamanga.

Moyo wanga wonse ndakhala ndikunena zinthu zosandikhudza, popanda wondipempha. Lero andipempha, ndipo ndili ndi mawu amene angabweretse atsibweni mawa m'mawa. Mawu omwewo angatsitse Mayi Mphepo m'basi ya Lachiwiri.

Inu amene mwamva zonsezi, mukanakhala Feggie, mukanathamangira pamlatho kukapulumutsa ukwati wa achemwali anu, kapena mukanatseka pakamwa chifukwa cha mayi amene anakana mchere wawo?